Mutu wa Cing'alang'ala ndi Zilonda Zakale za Nkhanza

Ku Libala nyumba zinamangidwa moyandikana, ndipo za mnzako umazidziwa ngakhale usanafunse. Mukaona makatani a nyumba ina ali citsekere dzuwa lili pamutu, wailesi ili zii, ana akusewerera kwa anansi m'malo mwa pabwalo pao, ndiye kuti mutu uja wabweranso. M'cipinda ca mdima mwagona munthu, wamanga citenje kumutu molimba, beseni lili pambali cifukwa ca kusanza. Mawa kapena mkuja adzadzuka, adzasesa pakhomo, ndipo anthu adzati wacira. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri makatani aja adzatsekedwanso.

Amai ena a mu mphakati wathu, amene anatilola kufotokoza nkhani yao koma osachula dzina, akhala m'moyo wotere zaka zoposa 30. Amagulitsa tomato ndi ndiwo zamasamba pamsika, koma mwezi ndi mwezi malonda ankaima masiku angapo, katundu n'kuola. Anayezetsa malungo kosawerengeka, osapezeka kanthu. Amuna ao ankati ndi ulesi. Acibale ena ankanong'ona za ufiti. Ife a mphakati tinkapita kukawazonda, kupemphera nao, kuwasiyira kashuga ndi Panadol, n'kubwerera kwathu.

Tsiku lina ambuya ena okalamba amene tinapita nao anafunsa funso limene tonsefe tinali tisanaliganizire: "Mwana wanga, mutu umenewu unayamba liti?" Amai aja anakhala cete nthawi yaitali. Kenaka anapempha kuti enafe tiyambe tatuluka panja, natsala awiri ndi ambuyawo. Zimene anawauza tinazimva patapita miyezi, pakamwa pa iwo eni. Mutuwo unayamba ali ndi zaka 13, caka cimene atate ao anamwalira, iwo n'kutengedwa kumudzi ku Katete kubwera ku Lusaka kwa acibale amene analonjeza kuwaphunzitsa sukulu. Sukuluyo sanaione. Anasanduka wanchito wa m'nyumba, womenyedwa ndi kutukwanidwa tsiku ndi tsiku, ndipo bambo wa panyumbapo ankawalowera usiku. Zimenezi anali asanauzepo munthu aliyense, ngakhale amuna ao.

Okondedwa awerengi, ife timakonda kunena kuti zakale zinapita, madzi akatayika saoleka. Koma madokotala a m'maiko ambiri apeza kuti nkhanza ikatha, zotsatira zake sizithera pomwepo. Anthu amene anazunzidwapo kale amadwala mutu wa cing'alang'ala kawirikawiri kuposa anzao, ndipo ukawagwira umawalanda masiku ambiri a moyo ndi a nchito. Tsono amene afuna kuthandiza wodwala wotere ayenera kuyang'ana zinthu ziwiri: mutu umene ukuwawa lero, ndi cilonda cimene cinabisidwa kale.

Kodi mutu wa cing'alang'ala n'ciani?

Si mutu ulionse wowawa umene uli wa cing'alang'ala. Matenda amenewa, amene acipatala amawachula kuti migraine, ndi matenda a ubongo ndi mitsempha yake. Kawirikawiri mutu umawawa mbali imodzi, umagunda ngati mtima, ndipo ululu umakula munthu akayenda kapena akawerama. Wodwala amacita mseru kapena kusanza, ndipo kuwala ndi phokoso zimam'lasa, n'cifukwa cake amathawira kumdima. Ukapanda mankhwala umatha maola 4 mpaka 72. Odwala ena, mutu usanayambe, amaona timizere tothwanima kapena mbali ina ya zinthu imawazimirira m'maso kwa mphindi zingapo. Matendawa amayenda m'magazi a banja, ndipo amagwira akazi pafupifupi katatu kuposa amuna, makamaka pa zaka zobereka. Akazi ambiri amaona kuti amabwera pamodzi ndi nthawi yao ya kumwezi.

Kuno kwathu matendawa ndi ofala kuposa mmene ambiri timaganizira. M'caka ca 2015 munatuluka zotsatira za kafukufuku amene a Edward Mbewe a ku koleji ya zaumoyo ya Chainama anacita pamodzi ndi anzao a kunja. Iwo anayenda khomo ndi khomo m'cigawo ca Lusaka ndi ca Kummwera, nafunsa akulu 1,085. Anapeza kuti pa akulu 100 alionse, pafupifupi 23 anadwala mutu wa cing'alang'ala m'caka cimodzi, ndipo oposa 11 pa 100 alionse ankamva mutu masiku 15 kapena kuposa pamwezi. Ndiye kuti pabenchi lililonse lodzaza la m'chalichi, ndi m'minibasi iliyonse yocokera ku Chelstone kupita m'tauni, muli munthu amene amaudziwa mutu umenewu.

Kulemala kosaoneka ndi maso

Tikamva za kulemala timaganiza za ndodo, njinga ya olemala kapena maso osaona. Wodwala mutu wa cing'alang'ala alibe cizindikiro cotere. Lero ali bwino, akuseka ndi anzake. Mawa sangathe ngakhale kukoleza mbaula. N'cifukwa cake anthu amam'kayikira. Komabe pa kuwerengera kwa matenda a padziko lonse kwa caka ca 2019, matendawa anali aciwiri pa matenda onse amene amasiya anthu ali moyo koma osatha kucita nchito zao, ndipo pakati pa akazi a zaka 15 mpaka 49 anali oyamba.

Madokotala ali ndi njira yapafupi yoyezera kulemala kumeneku, ndipo aliyense angaiyese kunyumba. Amafunsa za miyezi itatu yapitayo: ndi masiku angati amene simunapite kunchito kapena kusukulu cifukwa ca mutu? Ndi angati amene munapita koma munagwira theka cabe la nchito yanu? Ndi angati amene nchito za panyumba zinaima kapena zinacepa ndi theka? Ndi angati amene munalephera kukhala pamodzi ndi abale ndi anzanu? Masiku onsewa akafika 21 kapena kuposa, amati kulemalako n'kwakukulu. Ndipo ngati mutu uwawa masiku 15 kapena kuposa pamwezi kwa miyezi yoposa itatu, amati matendawo akhazikika.

Masiku otayika amenewa ndiwo ndalama za sukulu zimene sizinapezeke, mayeso amene sanalembedwe, nchito imene inatha cifukwa bwana anatopa ndi makalata a kucipatala. Kwa mai wogulitsa pamsika palibe chuthi ca odwala. Tsiku limene wagona ndi tsiku limene mphika sunakhale pamoto.

Zimene ofufuza apeza

M'caka ca 1998 madokotala awiri a ku America, Vincent Felitti ndi Robert Anda, anafalitsa zotsatira zoyamba za kafukufuku wamkulu amene anacitika mumzinda wa San Diego. Akulu oposa 17,000 anafunsidwa za mavuto a paubwana wao: kumenyedwa, kutukwanidwa, kugwiriridwa, kusasamalidwa, kuona amai ao akumenyedwa, kukulira m'nyumba ya cidakwa. Anapeza kuti mavutowo akaculuka, matenda a paukulu amaculukanso. M'caka ca 2010 anayang'ana za mutu pazokha, napeza kuti amene anakumana ndi mitundu isanu kapena kuposa ya mavutowa anali ndi mpata wowirikiza kawiri wodwala mutu pafupipafupi.

M'caka comweco dokotala Gretchen Tietjen wa ku yunivesite ya Toledo ndi anzake anafalitsa zimene anapeza mwa odwala mutu wa cing'alang'ala 1,348 a m'zipatala za ku America ndi Canada. Pa odwala 100 alionse, 58 ananena kuti anazunzidwa kapena kunyanyalidwa ali ana. Cimene cinadabwitsa ambiri ndi ici: nkhanza imene inaoneka kuti ikugwirizana kwambiri ndi kukhazikika kwa matendawa inali ya mau. Amene anakula akunyozedwa, kutukwanidwa ndi kuopsezedwa anayamba kudwala ali aang'ono kuposa anzao, mutu wao unkabwera pafupipafupi, ndipo unkawalepheretsa zambiri. Ife amene timati, "Sindinamumenye, ndinangomukalipira," tiyenera kuima kaye pamenepa.

Kafukufuku wina wa ku America wa m'caka ca 2021 anaonetsa kuti odwala amene anazunzidwapo amamva ululu wa kuwala ndi phokoso kwambiri kuposa odwala anzao, ndiponso kuti cisoni cokhalitsa ndi nkhawa zili ndi mbali yaikulu pa kusiyanako. Ku Lima, m'dziko la Peru, ofufuza anapeza m'caka ca 2011 kuti akazi amene anamenyedwa kapena kukakamizidwa ndi amuna ao ankadwala mutuwu kuposa amene sanaone zotere. Ndiye kuti nkhanza za m'banja nazonso zilimo. Ndipo m'caka ca 2023 akatswiri anasonkhanitsa kafukufuku 28 wa m'maiko 19, wokhudza anthu oposa 154,000. Mwa onsewo, amene anakumana ndi vuto limodzi lalikulu paubwana anali ndi mpata wokulirapo pafupifupi ndi theka wodwala matenda a mutu, ndipo amene anakumana ndi mavuto anai kapena kuposa mpatawo unaposa kawiri.

Zimacitika bwanji m'thupi?

Munthu akaopsezedwa, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa mankhwala a m'thupi ochedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, minofu imakungika, tulo timathawa. Zimenezi n'zabwino pamene wakumana ndi njoka panjira, pakuti ngozi ikapita zonse zimabwerera m'malo mwake. Koma taganizirani mwana amene ngozi yake siitha, amene usiku ulionse amachera khutu kumva ngati mapazi akubwerawo ndi a munthu woledzera kapena ai. Ubongo wake ukukula pa nthawi yomweyo. Akatswiri ambiri akuganiza kuti ubongo wotere umazolowera kukhala cheru, ndipo umadzidzimuka msanga ngakhale ngoziyo itatha kalekale. Ubongo wa munthu wodwala cing'alang'ala ndi wofulumira kale kukhudzidwa ndi njala, kusowa tulo, kuwala ndi nkhawa. Zinthu ziwirizi zikakumana, pafunika kanthu kakang'ono cabe kuti mutu uyambe.

Njira yaciwiri ndi ya cisoni cokhalitsa, nkhawa ndi maloto oipa, zimene zimatsata anthu ambiri ozunzidwa. Wosagona bwino amadwala mutu kawirikawiri, ndipo wodwala mutu kawirikawiri amataya mtima. Cimodzi cimadyetsa cinzake. Njira yacitatu ndi yoonekeratu: zibakera za kumutu, kuombetsedwa kukhoma ndi kukanyangidwa pakhosi zimatha kusiya mutu wowawa kwa miyezi kapena zaka.

Koma pano tisalakwitse. Coyamba, si onse odwala cing'alang'ala amene anazunzidwa. Ambiri anakulira m'nyumba zamtendere, matendawa anangotengera kwa makolo. Munthu asapite kwa mnansi wake wodwala mutu n'kuyamba kum'fufuza ngati wapolisi. Caciwiri, si onse ozunzidwa amene adzadwala, ndipo kafukufuku ameneyu aonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi kawirikawiri, osati kuti nkhanza yokha ndiyo ibala matendawa. Cacitatu, kunena kuti cilonda cakale cikukulitsa mutu sikunena kuti wodwalayo akungoganiza. Ululuwo ndi weniweni, monga wa dzino kapena wa fupa lothyoka.

Nkhanza m'nyumba zathu

Wina angati zimenezi ndi za azungu. Tiyeni tiyang'ane kwathu. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene anacitika m'Zambia m'caka ca 2014 anafunsa acinyamata za ubwana wao. Mtsikana mmodzi mwa asanu alionse ndi mnyamata mmodzi mwa khumi alionse anacitidwa nkhanza ya ciwerewere asanafike zaka 18. Mtsikana mmodzi mwa atatu ndi anyamata anai mwa khumi anamenyedwa mwankhanza. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'caka ca 2018 anapeza kuti akazi 36 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo kuyambira ali ndi zaka 15, ndipo pa akazi amene anakwatiwapo, 47 pa 100 alionse anazunzidwapo ndi amuna ao mwa kumenyedwa, kukakamizidwa kugona nao kapena kunyozedwa. Comvetsa cisoni kwambiri n'cakuti akazi 46 pa 100 alionse anavomereza kuti pali zifukwa zina zimene mwamuna angamenyere mkazi wake.

Nkhanza zimenezi sizisankha dera. Zili m'nyumba za khansolo zakale za ku Libala ndi Kabwata, ziliponso kuseri kwa mipanda italiitali ya ku Woodlands ndi Kabulonga, kumene kulira sikumveka kumsewu. Ambiri a ife amene tili ndi zaka za m'ma 50 tikumbukira zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inasiya ana amasiye m'mabanja ambiri, acibale n'kugawana katundu wa malemu, ana n'kumwazikana m'nyumba za eni. Mabanja ambiri analera ana amenewo mwacikondi, ndipo ayenera kuyamikidwa. Koma ena mwa anawo anaona zimene amai a mu mphakati wathu anaona. Lero ndi akulu, ali ndi mabanja ao, ndipo ena mwa iwo ndi amene atseka makatani masana.

Cithandizo ca mutu

Coyamba n'kupita kucipatala kuti matenda adziwike dzina. Kwa anthu a ku Libala cipatala ca Chilenje ndi kiliniki ya Kabwata zili pafupi, ndipo matenda akavuta amatumiza ku UTH, kumene kuyambira m'caka ca 2018 akuphunzitsa madokotala a matenda a ubongo ndi mitsempha. Musanapite, lembani m'kabuku kwa mwezi umodzi kapena iwiri: tsiku limene mutu unawawa, maola amene unatha, mankhwala amene munamwa, ndi nchito imene inalephereka. Kabuku kameneka kamathandiza adokotala kuposa mau akuti "umandiwawa nthawi zonse".

Cenjerani ndi mapilitsi a pakantemba. Panadol, asipirini kapena Brufen zimathandiza zikamwedwa mutu utangoyamba. Koma womwa mankhwala amenewa masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kapena mankhwala osakaniza okhala ndi kafeini kapena codeine masiku 10 kapena kuposa, angapeze kuti mankhwala omwewo ndiwo ayamba kubweretsa mutu tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wa a Mbewe uja anapeza kuti akulu 7 pa 100 alionse ankaoneka kuti ali ndi vuto limeneli, makamaka a m'tauni, kumene mapilitsi amagulidwa ngati masiwiti. Kwa amene mutu umabwera pafupipafupi alipo mankhwala oteteza, omwa tsiku lililonse, monga amitriptyline ndi propranolol. Ndi mankhwala akale ndiponso osakwera mtengo, koma ayenera kulembedwa ndi adokotala, pakuti sayenera aliyense, ndipo amatenga masabata angapo kuti aonetse mphamvu. Kugona ndi kudzuka pa nthawi yofanana, kusadumpha cakudya, kumwa madzi okwanira ndi kupewa mowa kumathandizanso. Mai amene amaona timizere tothwanima mutu usanayambe auze acipatala asanalandire mapilitsi olera, pakuti ena mwa iwo amakulitsa ngozi ya sitiroko.

Pali mutu wina umene suyenera kudikira mawa: woyamba mwadzidzidzi ndi ululu woopsa umene munthu sanaumvepo, wobwera ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, wotsagana ndi kufooka kwa mbali imodzi, kukomoka kapena kusokonezeka mau, wotsatira kumenyedwa kumutu, wa mai woyembekezera, ndi mutu wacilendo kwa munthu amene ali ndi HIV. Pamenepo thamangirani kucipatala tsiku lomwelo.

Cithandizo ca cilonda

Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma manyazi a nkhanza ndi a wozunza, si a wozunzidwa. Amene ali ndi mbiri yotere acita bwino kuuza adokotala kapena mlangizi wophunzitsidwa, ngakhale mwacidule, kuti cisoni, nkhawa ndi kusowa tulo zicizidwe pamodzi ndi mutu. Sakakamizidwa kufotokoza zonse tsiku limodzi. Iye mwini ndiye asankha nthawi, munthu ndi mau.

Ndipo umboni wakuti uphungu umathandiza unapezeka mu Lusaka momwe muno. M'caka ca 2015 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa ana 257 a zaka 5 mpaka 18 amene anaona zoopsa. Amene analandira uphungu wapadera kwa anthu wamba ophunzitsidwa bwino, zizindikiro za mantha ndi kuvutika mtima zinatsika ndi magawo oposa 80 pa 100, pamene mwa anzao zinatsika ndi magawo 21 cabe. M'caka ca 2020 kafukufuku wina, wa yunivesite ya Johns Hopkins pamodzi ndi bungwe la SHARPZ, anakhudza mabanja 248 a m'makomboni a Lusaka mmene munali nkhanza ndi ucidakwa. Uphungu unacepetsa kumenyedwa kwa akazi ndi kumwa kwa amuna moonekeratu. Kafukufuku ameneyu sanali wa mutu, koma aonetsa kuti zimene zimaulemetsa zingacepetsedwe, ndiponso kuti aphungu ake angakhale anthu onga inu ndi ife. Cipatala ca Chainama naco cimathandiza ovutika ndi cisoni ndi nkhawa, ndipo kupita kumeneko si cizindikiro ca misala.

Ngati nkhanza zikali kucitika, coyamba ndi citetezo. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la m'caka ca 2011, limene lilola khoti kupereka cikalata coteteza wozunzidwa. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit. Kuyambira m'caka ca 2016 mu Lusaka muli khoti lofulumiza milandu yotere. Lamulo la ana la m'caka ca 2022 liletsa kulanga mwana mom'menya, ndipo kusintha kwa lamulo la ukwati kwa m'caka ca 2023 kunathetsa maukwati a ana osafika zaka 18, ngakhale a mwambo. Nambala ya foni 116 ndi ya ana, 933 ndi ya nkhanza za m'banja, ndipo zonse ndi zaulere. Bungwe la YWCA nalonso limalandira akazi ndi ana othawa nkhanza.

Mau kwa ife eni

Apa tiyenera kudziyang'ana. Kangati ife ankhoswe, alangizi ndi akulu a Mpingo tabweza mkazi wotupa maso kwa mwamuna wake ndi mau akuti ukwati n'kupirira? Kangati tauza mwana kuti asacititse banja manyazi? Mu Lusaka mpaka ukwati unapatsidwa dzina lakuti shipikisha club, ndipo timaseka. Koma Eklezia saphunzitsa kuti munthu akhale pamene moyo wake uli pangozi. Lamulo la Eklezia nambala 1153 linena kuti ngati mmodzi aika mnzake kapena ana pangozi yaikulu ya thupi kapena ya mzimu, winayo ali ndi cifukwa coyenera cocokera. Malemu Papa Fransisko, m'kalata yao ya za banja ya m'caka ca 2016, Amoris Laetitia, anaphunzitsa kuti nthawi zina kupatukana kumakhala kofunika pofuna kuteteza wofooka ndi ana. Ndipo popeza nkhanza zina zacitika ngakhale m'malo a Mpingo, m'caka ca 2019 analamula kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi njira yodziwika yolandirira madandaulo otere.

Za kukhululuka tinene mosamala. Kukhululuka n'cinthu cacikulu, ndipo kumamasula mtima. Koma sikufanana ndi kukhala cete, sikuletsa mlandu kupita kukhoti, ndipo si mankhwala a mutu. Kuuza wodwala kuti mutu wake sukutha cifukwa sanakhululuke kapena cifukwa cikhulupiriro cake n'cocepa, n'kum'senzetsa katundu wina pamwamba pa amene ali naye. Alipo amene anakhululuka ndi mtima wonse koma akali kudwala. Tipemphere nao, inde, ndipo tikatha tiwaperekeze kucipatala.

Wina akatiululira cinsinsi cotere, nchito yathu ndi kumvetsera, kukhulupirira, ndi kusunga pakamwa. Tisafunse kuti, "Unalekeranji kukuwa?" kapena, "Bwanji sunanene kale?" Nkhaniyo isafike pamsonkhano wa mphakati m'dzina la mapemphero. Koma ngati wozunzidwayo ndi mwana, kapena wozunza uja akali pafupi ndi ana ena, pamenepo kukhala cete n'kuthandiza woipa, tiyenera kukanena. Ndipo inu abambo amene akazi anu amadwala mutuwu, ndi inu amai amene amuna anu amadwala, pakuti amuna naonso anazunzidwa ndipo amabisa kwambiri: tsiku la mutu cepetsani phokoso, tengani ana, phikani nsima. Mau akuti "wayambanso" amapweteka kuposa dzuwa la pawindo.

Amai a mu mphakati wathu aja sanacire kotheratu, ndipo sitifuna kukunamizani. Anapita kucipatala ndi kabuku kao, anasiya mapilitsi a tsiku ndi tsiku, anapatsidwa mankhwala oteteza, ndipo kwa miyezi ingapo ankakumana ndi mlangizi. Patapita nthawi anawauza amuna ao. Bamboyo anakhala pakhonde mpaka usiku osalankhula, ndipo kuyambira pamenepo mau akuti ulesi sanamvekenso panyumbapo. Mutu umabwerabe, koma masiku amene makatani amatsekedwa acepa, ndipo tebulo lao pamsika silikhalanso lopanda munthu sabata yathunthu. Iwo amati cimene cinasintha kwambiri n'cakuti tsopano akagona kumdima amadziwa dzina la matenda ao, ndipo sadziimbanso mlandu.

Pomaliza, tiyang'ane m'nyumba zathu madzulo ano. Mwina muli mtsikana amene tinamutenga kumudzi ndi lonjezo la sukulu, amene akutsuka mbale pamene ana athu akulemba za kusukulu. Mwina muli mwana wopeza amene dzina lake timalichula pokalipa pokha. Mwina muli mwana wathu weniweni amene amathawira kucipinda akamva galimoto yathu pageti. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Zimene ticita kwa iye lero adzaziyenda nazo ife titapita kale, ndipo mwina padzapita zaka 30 asanapezeke ambuya ena om'funsa kuti mutu wake unayamba liti.